Tisanamizire Mtima wa Munthu Polemba Nkhani



Pali nkhani imodzi yomwe ophunzira a sekondale amakonda kulemba akauzidwa kuti apeke nkhani yaifupi. Mayina amasintha, mudzi umasintha, koma mafupa ake ndi omwewo. Mnyamata wanzeru m'kalasi agwa m'gulu la anzake oipa, ayamba kujomba kusukulu, asiya Swala, aba ndalama za fodya za bambo ake n'kuthawira ku Lilongwe. Kumeneko zinthu zimuvuta, amangidwa kapena adwala. Ndime yomaliza imatiuza kuti adamva chisoni kwambiri, adalira, adalapa, ndipo kuyambira tsiku limenelo adakhala mwana wabwino. Pansi pake pamabwera mwambi wotsekera.

Nkhani yotere ikhoza kukhala ndi Chichewa chosalala komanso phunziro labwino. Vuto lake n'lakuti palibe amaikhulupirira. Wowerenga amafika kumapeto mtima uli zii, ndipo mnyamata weniweni amene akulingalira zothawa pakhomo sadziona m'nkhanimo. Maganizo anga ndi akuti mlembi amene akufuna kuphunzitsa ayambe walemekeza choonadi cha mtima wa munthu: momwe chisoni chimaonekera, ndi momwe munthu amasinthira. Akalephera pamenepa, ngakhale phunziro lake limagwera pathanthwe.

Ena amafunsa ngati Msilamu ayenera kupeka nkhani n'komwe, poti bodza n'loletsedwa. Funsoli n'loyenera ulemu. Bodza ndi kunena chinthu n'cholinga choti mnzako akhulupirire zomwe sizidachitike. Agogo akamati "padangokhala" ife n'kuvomera kuti "tili tonse", palibe amanamizidwa kuti Kalulu adayankhuladi ndi Njovu. Wokamba ndi womvera agwirizana kale kuti mayina ndi zochitika n'zopeka. Koma m'kati mwa mgwirizano umenewu muli lonjezo lina lomwe mlembi sayenera kuphwanya: kuti anthu a m'nkhaniyo achita zinthu monga momwe anthu amachitiradi. Mlembi akatiuza kuti mwana amene waba kwa zaka zitatu adasandulika woyera mtima usiku umodzi popanda chomukankha, watinamiza pa chinthu chachikulu kuposa dzina la mudzi.

Chisoni chili ndi manja ndi miyendo

Tiyambe ndi chisoni. Mawu akuti "adakhumudwa kwambiri" ndi lipoti chabe. Amatiuza zomwe mlembi akufuna kuti timve, koma satipatsa chifukwa chomvera. Kwathu kuno munthu wamkulu sakonda kulengeza za mumtima mwake. Timazidziwa poona zomwe wachita, zomwe waiwala kuchita, ndi zomwe wakana kunena.

Taganizirani bambo wa kuno ku Kasungu amene wagwira fodya kuyambira kunazale mwezi wa Sepitembala, wawokera ndi mvula yoyamba, wathyola, wasoka, waumitsa m'chigafa, wasankha, wadinda mabelo n'kutumiza kumsika wa Chinkhoma. Wapita kubanki kuboma, ndipo wapeza kuti atachotsa ngongole ya feteleza ndi ya mayendedwe, ndalama zatsala zochepa. Wophunzira mmodzi alemba kuti bambowo adakhumudwa kwambiri chifukwa mitengo idali yotsika. Wina alemba chonchi:

Bambo adafika dzuwa litalowa. Njinga adangoitsamiritsa pachigafa, osailowetsa m'nyumba monga mwa masiku onse. Mwana wawo wamkazi adathamangira kukalandira thumba, n'kupeza kuti lapepuka: munalibe shuga, munalibe nsapato zija. Bambo adapempha madzi a wudhu, ndipo ataswali Maghrib adakhalitsa pamkeka. Nsima itabwera adadya mbamu ziwiri n'kukankhira mbale kwa ana. "Ndadya kale panjira," adatero. Mayi adawayang'ana kamodzi, n'kuyamba kugawa ndiwo.

M'ndime yachiwiriyi mulibe mawu oti chisoni, koma aliyense wokulira pakhomo la alimi wamva kuwawa kwake. Muli manyazi a bambo, muli chikondi chawo pa ana, muli kumvetsa kwa mayi amene wadziwa zonse popanda kufunsa. Wowerenga wapatsidwa ntchito yolumikiza yekha, ndipo chimene munthu wadzipezera yekha sachiiwala msanga.

Chitsanzo chenicheni tili nacho pafupi. William Kamkwamba adakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma lathu lomwe lino, pakhomo pomwe ankalima chimanga ndi fodya. Buku lofotokoza moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009. Ndi mbiri yoona, koma mlembi wa nkhani zopeka ali ndi zambiri zoti atolemo. Bukuli likukamba za njala ya 2001 ndi 2002, yomwe makolo athu ambiri amaikumbukira. Mawu oti anthu adavutika kwambiri akadakwanira pa lipoti la boma. Chomwe chimatsalira m'mutu mwa wowerenga ndi banja lomwe lidayamba kudya kamodzi patsiku, ndi galu wotchedwa Khamba, amene mnyamatayo, posowa chomupatsa, adakamumangirira kumtengo kuthengo n'kumusiya. Njala ya dziko lonse yalowa mumtima kudzera mwa galu mmodzi ndi chingwe chimodzi. Mlembi wanzeru amafunafuna kanthu kakang'ono kotere, kogwirika ndi manja, kuti kanyamule katundu wolemera.

Ife Asilamu tili ndi mphunzitsi woposa onse pa nkhaniyi. Sura ya Yusuf, ya nambala 12 m'Qur'an yolemekezeka, ili ndi ndime 111 ndipo imafotokoza mbiri imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Iyi si nthano yopeka, ndi mawu a Allah, ndipo sitikuiyerekeza ndi zolemba za anthu. Koma amene akufuna kudziwa momwe mtima wa munthu umaonekera aiwerenge modekha. Pa ndime 16, amene akubwera akulira usiku ndi abale ake a Yusuf, omwe amuponya m'chitsime. Misozi yoyamba m'mbiriyi ndi ya anthu onama. Chisoni chenicheni cha Mneneri Yaqub, mtendere ukhale pa iye, tikuchiona pa ndime 84, pomwe akuwatembenukira kumbali ana akewo, maso ake atayera chifukwa cha chisoni chomwe wakhala akuchisunga m'kati. Onaninso malaya. Akubwera koyamba ali ndi magazi abodza, kachiwiri atang'ambika kumbuyo n'kukhala umboni woti Yusuf sadalakwe, kachitatu akuikidwa pankhope ya bambo wokalamba ndipo maso ake akuonanso. Chinthu chimodzi chogwirika chanyamula chinyengo, chilungamo ndi chimwemwe. Wophunzira amene amathira misozi m'ndime iliyonse ya nkhani yake aganizepo kawiri.

Munthu sasintha ngati kuyatsa nyali

Mbali yachiwiri ndi kusintha kwa mpangankhani. Kuti tikhulupirire kuti munthu wasintha, tiyenera kuona zinthu zinayi: chomwe chamukankha, nthawi yomwe yadutsa, mtengo womwe walipira, ndi mayeso omwe wapambana.

Tibwererenso kwa abale ake a Yusuf. Pachiyambi adali okonzeka kutaya m'bale wawo chifukwa cha nsanje. Padadutsa zaka zambiri, kudagwa chilala, ndipo adapita ku Iguputo kukafuna chakudya. Kumeneko adakumana ndi mayeso ofanana ndi oyamba aja: m'bale wawo wamng'ono, wokondedwanso ndi bambo awo, wagwidwa. Akadatha kumusiya n'kubwerera kwawo ndi nkhani ina yokonza. Pa ndime 77 tikuona kuti nsanje yakale sidathe yonse, chifukwa akumunenerabe Yusuf zoipa. Koma pa ndime yotsatira akupempha kuti mmodzi wa iwo agwidwe m'malo mwa mng'ono wawoyo, poganizira bambo awo okalamba, ndipo pa ndime 80 wamkulu wawo akukana kuchoka m'dzikolo chifukwa cha lonjezo lomwe adapereka kwa bambo awo. Kuvomera kulakwa ndi pakamwa kukubwera pambuyo pake. Zochita zatsogola, mawu atsatira. Ndipo kusinthako sikosalala: zakale ndi zatsopano zikukanganirana mumtima umodzi. Umu ndi momwe anthu alili.

Wina anganene kuti nanga Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, sadasinthe tsiku limodzi? Mabuku a mbiri ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, amafotokoza kuti Umar adatuluka ndi lupanga n'cholinga chokapha Mtumiki, ndipo tsiku lomwelo adalowa Chisilamu. Chiongoko chimachokera kwa Allah, ndipo Iye amachipereka nthawi yomwe wafuna. Komabe taonani zomwe mabukuwo adasunga. Panjira adauzidwa kuti mlongo wake Fatimah ndi mwamuna wake adalowa kale Chisilamu. Adapita kunyumba kwawo, adammenya mlongo wakeyo, ndipo ataona magazi pankhope yake adachita manyazi. Kenaka adawerenga gawo la Sura ya Taha. Mabuku omwewo amanenanso kuti m'mbuyomo, ataona mayi wina akumanga katundu wosamukira ku Habasha pothawa mazunzo, Umar adamuyankhula mofatsa moti mayiyo adadabwa. Tsiku la kutembenuka lidali limodzi, koma mng'alu m'khoma udayamba kale. Komanso Umar sadasanduke munthu wina wofooka. Kulimba mtima komwe ankazunza nako Asilamu ndi komwe adatetezera nako Chisilamu. Mpangankhani wanu akasintha, asataye chibadwa chake chonse. Wamakani akhalebe wamakani, koma makaniwo apeze njira yatsopano.

M'mabuku athu a Chichewa, Nthondo lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, lomwe lidatuluka mu 1933 ndipo Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pansi pa mutu woti Man of Africa, likuwerengedwabe patatha zaka zoposa 90. Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ndipo adali ndi uthenga wake wachikhristu woti apereke. Chomwe chasunga bukuli n'chakuti adampatsa Nthondo nthawi. Timamuona ali mwana wopulupudza, akuba, akulangidwa, akubwerezanso, akupita kutali kukafuna ntchito, akubwerera kwawo. Pofika nthawi yomwe akukhazikika n'kukhala mtsogoleri wa mudzi, tayenda naye mtunda wautali. Wowerenga wa chipembedzo china akhoza kusiyana maganizo ndi mathero a bukuli, koma sangakane kuti Nthondo ndi munthu wamagazi ndi mnofu.

Filimu ya moyo wa Kamkwamba, yomwe Chiwetel Ejiofor adaitsogolera ndipo idatuluka mu 2019, ili ndi chitsanzo china. Ejiofor yemweyo adasewera ngati bambo a William, a Trywell. M'filimuyo mnyamata akufuna njinga ya bambo ake kuti aiphwasule n'kupangira makina opukusa magetsi ndi mphepo. Bambo akukana mwaukali. Mlembi waulesi akadawasandutsa bambowo munthu wankhanza wosakonda maphunziro. Koma aliyense wa kumudzi akudziwa tanthauzo la njinga pakhomo m'chaka cha njala: ndiyo galimoto, ndiyo ambulansi, ndicho chuma chomaliza. Kukana kwawo n'komveka. Pamene akuvomera, banja litataya zambiri ndipo mayi a m'nyumba atawayankhula mosapsatira mawu, tikudziwa chomwe apereka. Kusintha komwe sikudamudyere munthu kanthu sikukhudza wowerenga.

Kodi tikukometsera tchimo?

Pali nkhawa yomwe makolo ndi aphunzitsi ena ali nayo, ndipo si yopanda pake. Iwo amati mlembi akayamba kutionetsa zifukwa za wakuba, akatimvetsa chisoni ndi wochimwa, ana adzaona ngati tchimo n'lololedwa. Ndi bwino, iwo amatero, kuti woipa aoneke woipa ndipo alangidwe poyera.

Pali malire omwe mlembi wachisilamu sayenera kudumpha. Salemba zolaula, sanyoza zopatulika, ndipo satenga chinsinsi cha mnansi wake weniweni n'kuchiyanika m'nkhani atangosintha chilembo chimodzi cha dzina, chifukwa imeneyo ndi miseche ngakhale ili papepala. Pa izi tikugwirizana. Koma kumvetsa chomwe chidamugwetsa munthu sikuvomereza kugwa kwake. Mwana amene wawerenga za wakuba wa nyanga ndi mchira amati, "Ine sindili choncho," n'kutseka buku. Mwana amene wawerenga za mnyamata wonga iye, amene adatenga K5,000 yoyamba akudziuza kuti abweza mawa, amene adaswali Isha usiku womwewo mtima ukumugunda, amene adaona kuti kachiwiri kudali kosavuta kuposa koyamba, mwana ameneyo amachita mantha oyenera. Wazindikira njira yomwe tchimo limalowera. Chenjezo lenileni lili pamenepo.

Chimodzimodzi ndi wolungama wa m'nkhani. Mtsikana amene sadakaikepo, sadakwiyepo, sadatopepo ndi kusala m'mwezi wa Ramadhani pamene ntchito ya kumunda ili pachimake, sangakhale chitsanzo kwa wina aliyense, chifukwa palibe wofanana naye. Tionetseni akulimbana ndi ludzu masana, akuyang'ana mtsuko, kenaka akutembenuka n'kupitiriza ntchito mpaka nthawi yofutulu. Kupirira kumaoneka pokhapokha taona chomwe munthu akupirira.

Dera lathu lino ladzaza ndi nkhani za mitima yogawanika zomwe sizidalembedwe. Mashehe ambiri amaphunzitsa kuti kusuta n'koletsedwa chifukwa kumawononga thupi, pomwe fizi ya ana ambiri m'boma lino imachokera m'chigafa. Bambo wopemphera amene amamva ulaliki umenewu Lachisanu n'kubwerera kukasoka fodya Loweruka, mumtima mwake mumayenda zotani? Lamulo la 2021 lidathetsa utenanti m'dziko muno, koma mabanja omwe adakhala zaka m'maesiteti, akulandira chimanga pangongole yodzadulidwa pakutha kwa nyengo, akadali pakati pathu ndi zikumbukiro zawo. Mwana wa tenanti amene wasankhidwa kupita kusekondale amamva bwanji akakhala desiki imodzi ndi mwana wa mwini esiteti? Nanga mwini esitetiyo, amene nayenso ali ndi ngongole kubanki, amagona tulo totani? Mlembi wachilungamo amampatsa aliyense wa anthu amenewa mtima wake, ngakhale amene akumutsutsa. Qur'an imatilamula kuchita chilungamo ngakhale kwa anthu omwe tikudana nawo, ndipo lamuloli silithera pakhomo la kalasi ya Chichewa.

Zoyenera kuchita

Kwa inu ophunzira amene mukufuna kulemba, ntchito imayamba musanagwire cholembera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani tcheru kuchigayo, pamjigo, pasiteji ya minibasi, pamaliro. Onani zomwe manja a munthu amachita akalandira uthenga woipa. Mverani momwe mayi amasinthira nkhani akafunsidwa funso lowawa. Pamaliro achisilamu, pomwe kulira mokuwa sikulimbikitsidwa, onani momwe chisoni chimatulukira mwa njira zina: mwana wamwamuna amene akukana kusinthana ndi wina ponyamula jeneza, mkulu amene akubwerezabwereza kufunsa ngati sanda yakwana. Zimenezi zisungeni m'kabuku kanu popanda mayina a eni ake.

Mukayamba kulemba, mufunseni mpangankhani wanu mafunso atatu. Akufuna chiyani? Akuopa chiyani? Ndi bodza lanji lomwe amadziuza yekha? Mnyamata wothawira ku Lilongwe uja mwina amadziuza kuti akupita kukafuna ndalama zothandizira makolo, pomwe chenicheni n'chakuti walephera mayeso ndipo akuopa maso a bambo ake. Mukadziwa bodza limeneli mwapeza msana wa nkhani yanu, chifukwa kukula kwake kudzakhala ulendo wochoka pa bodzalo kufika pa choonadi.

Mukamaliza, tengani pensulo ndipo mudule mzere pansi pa mawu aliwonse onga "adakondwa kwambiri", "adachita mantha kwambiri", "adamva chisoni kwambiri". Pa malo alionse dzifunseni kuti, kodi munthu woima pawindo akadaona chiyani? Lembani chimenecho. Chichewa chili ndi chuma chomwe ziyankhulo zina zilibe: kungoti kakasi, kuti phee, kuti zyoli, mtima kuti myuu. Mawu amenewa ali ngati mchere, ochepa amakometsa, ochuluka amawononga ndiwo. Kenaka yang'anani pampondachimera pa nkhani yanu. Ngati mpangankhani wasintha, bwererani m'mbuyo mukaone ngati mudabzala mbewu ya kusinthako m'masamba oyamba, ndipo mupite kutsogolo mukaone ngati mwampatsa mpata wobwerera ku zakale n'kukana. Mnyamata wolapa uja apezenso ndalama za bambo ake zili poyera, m'nyumba mulibe munthu. Zomwe achite pamenepo zitiuza zambiri kuposa misozi ya tsamba lonse.

Pomaliza, werengerani mnzanu nkhaniyo mokweza, ndipo mum'funse malo omwe wasiya kukhulupirira. Musakwiye ndi yankho lake. Malo amenewo ndi omwe akufuna ntchito.

Kwa aphunzitsi anzathu, pempho langa n'lakuti pochonga tisamangoyang'ana ngati nkhani yatha ndi phunziro. Tiyamikirenso mwana amene waona chinthu choona ndi maso ake, ngakhale nkhani yake itatha mnyamata uja ataima pakhomo la bambo ake, dzanja lili m'mwamba, asanagogode. Nthawi zina mathero otere amamusiya wowerenga akudzifunsa mafunso kwa sabata yathunthu.

Kwa makolo, mwana akamalemba nkhani sakutaya nthawi. Akuphunzira kulowa mumtima mwa munthu wina asanamuweruze, ndipo luso limeneli adzalifuna akadzakhala namwino, mphunzitsi, shehe, mfumu kapena kholo. Mudzi wokhala ndi anthu otere umachepa milandu.

Tsamba la nkhani zazifupi m'kalata ino ndi lanu, ophunzira. Teremu ikubwerayi tibweretsereni anthu a m'midzi mwathu muno monga alili, ndi kufooka kwawo, kulimbana kwawo ndi kudzuka kwawo kwapang'onopang'ono. Allah ndiye wodziwa bwino za m'mitima, ndipo timupemphe atipatse maso oona ndi cholembera chonena zoona.